Mmene mungaphunzitsire osewera kuona bwalo mpira usanafike paphazi

Pitani pa bwalo lililonse Loweruka masana, kaya ku Ulónguè, ku Dómuè, ku Furancungo kapena ku Zóbuè, mukamva mawu omwewo kuchokera kunja kwa mzere: "Patsira msanga iwe! Ukuchedwa nawo bwanji?" Mwana amene akukalipiridwayo nthawi zambiri amakhala waliwiro, ndipo mpira amautha. Vuto lake ndi loti amayamba kufunafuna womupatsira mpira utafika kale paphazi, ndipo pofika nthawi imeneyo mdani amakhala atamutseka.

Zimene diso laona zimatenga nthawi kuti zifike mu ubongo, ubongo usankhe, kenako ulamule minofu. Munthu akaona chinthu amatenga masekondi 0.2 mpaka 0.25 kuti ayambe kusuntha, ndipo apo m'pamene chochita chili chimodzi chokha. Zosankha zikakhala zitatu kapena zinayi nthawiyo imatalika. Mdani wothamanga mamita 6 pa sekondi amakhala atatha mamita 3 m'theka la sekondi. Mphunzitsi sangafupikitse kwenikweni nthawi ya ubongo imeneyi, koma angathe kusintha nthawi imene wosewera amayambira kuyang'ana. Malangizo otsatirawa ndi a aphunzitsi a matimu a sukulu, a m'midzi ndi a m'mabairro, a anyamata ndi atsikana omwe, kuyambira zaka 10 kupita m'tsogolo.

Zofunika kukhala nazo

Mipira iwiri kapena itatu. Wachikulunga nawonso uli ndi ntchito yake pa sitepe 6.
Mabotolo apulasitiki 12 othiramo mchenga, ngati makoni palibe.
Zidutswa zitatu za chitenje kapena kapulana, za mitundu yosiyana kwambiri, monga chofiira, choyera ndi chakuda.
Phulusa kapena laimu wolembera mizere.
Wezulo, kope ndi pensulo.
Foni yojambula vidiyo, ngati ilipo.
Chigubu cha madzi akumwa cha malita 20 ndi makapu.
Osewera 6 mpaka 12. Akachuluka agaweni m'magulu, chifukwa woima pamzere kudikira saphunzira kanthu.

1. Werengani kaye mmene akuyang'anira panopa

Musanasinthe chilichonse, aloleni asewere mphindi 15 inu muli duu. Sankhani wosewera pakati mmodzi, ndipo maso anu akhale pamutu pake, mpira muusiye. Nthawi iliyonse imene wachotsa maso pa mpira n'kuyang'ana kumbali kapena kumbuyo, lembani kamzere m'kope. Chofunika kwambiri ndi masekondi 10 omaliza asanalandire mpira.

Wofufuza wa ku Norway, Geir Jordet, wakhala akuwerenga zimenezi pa osewera otchuka kwa zaka zambiri. Anapeza kuti Xavi wa Barcelona ankayang'ana uku ndi uku pafupifupi ka 8 m'masekondi 10 amenewo, ndipo Frank Lampard ankafika ka 6. Anapezanso kuti oyang'ana kawirikawiri amapatsira molondola, makamaka mipira yopita kutsogolo. Ana athu ambiri mukawawerenga mupeza kamodzi, ena osayang'ana n'komwe. Musakhumudwe nazo, ndipo musawauze za Xavi ngati muyezo woti afikepo sabata yamawa. Mwana akachoka pa 0 kufika pa 2 kapena 3, masewero ake amasintha moonekeratu.

Chenjezo: musamuuze kuti mukumuwerenga. Akadziwa ayamba kugwedeza mutu kuti akusangalatseni, ndipo nambala yanu ikhala yabodza.

2. Konzani kaimidwe ka thupi

Tambasulani mkono wanu, muyang'ane chikhadabo cha chala chachikulu. Malo aakulu ngati chikhadabocho ndi okhawo amene diso limaona bwinobwino pa nthawi imodzi. Kwina konseko, mpaka pafupifupi madigiri 180 kuchoka kumanzere kufika kumanja, diso limangozindikira kusuntha ndi mitundu mwachimbuuzi. Kumbuyo kulibe chooneka. Achititseni ana zimenezi okha kuti akhulupirire.

Choncho wosewera amene waima moyang'anizana ndi womupatsira, msana ataulozetsa kugolo la adani, wadzibisira theka la bwalo. Aphunzitseni kuima cham'mbali, phewa limodzi kwa womupatsira, lina kumene akufuna kupita, ndipo alandire ndi phazi lakutali ndi kumene mpira ukuchokera. Akaima choncho, kutembenuza khosi pang'ono kokha kumamuonetsa zonse ziwiri. Chitani awiriawiri mphindi 5, mbali zonse, chifukwa ambiri amangotsegukira mbali ya mwendo wawo wamphamvu.

3. Sewero la nsalu

Ikani osewera atatu pamzere umodzi, motalikirana mamita 10. Woyamba ali ndi mpira, wapakati ndiye wophunzira, wachitatu ali kumbuyo kwake ndi nsalu zitatu zija. Woyamba akamakonzekera kupatsira, wachitatu akweze nsalu imodzi. Wapakati ayang'ane kumbuyo, atchule mtundu wa nsaluyo mokweza, ndiye alandire mpira. Asinthane malo akachita ka 8.

Pano m'pofunika kuchedwapo, chifukwa funso lalikulu ndi loti ayang'ane liti. Pali nthawi zitatu zabwino: mpira ukamayenda pakati pa anzake awiri, mnzake akaugunda n'kumauthamangira asanaugundenso, ndi pamene mpira wangochoka paphazi la womupatsira ngati mtunda uli wotalikirapo. Pa nthawi zonsezi mpira sungasinthe njira, ndiye kuuyang'anitsitsa n'kutaya nthawi. Nthawi yoipa ndi pamene phazi la mnzake likugunda mpira, chifukwa apo m'pamene liwiro ndi njira ya mpira zimadziwika, komanso pamene mpira ukufika paphazi lake iye mwini. Wa njinga wonyamula matumba a kachewere potsika mtunda ku Tsangano maso ake amakhala patsogolo pamsewu, tayala amangoliponyera diso pakakhala dzenje. Wosewera azichita chimodzimodzi ndi mpira.

Akazolowera, nsalu ikhale ndi tanthauzo. Yofiira: bweza kwa amene wakupatsira. Yoyera: tembenuka upatsire wakumbuyo. Yakuda: thamanga nawo kumbali. Kenako uzani wachitatu kuti nthawi zina asinthe nsalu mpira uli m'njira, kuti wapakati aphunzire kuti kuyang'ana kamodzi sikukwanira.

Chenjezo: musakhalitse pa sewero ili. Masabata awiri akwana. Pa masewero enieni palibe amene amakweza nsalu, ndipo mwana akhoza kukhala katswiri wotchula mitundu koma osatha kuwerenga mdani.

4. Chotsani nsalu, ikani mdani weniweni

Malo ndi omwewo, koma wachitatu tsopano ndi wotchinga. Ayambire mamita 5 kumbuyo kwa wophunzira, ndipo asankhe yekha chochita: abwere molimba cha kumanzere, abwere cha kumanja, kapena angoima patali. Kumbuyo kwake ikani mabotolo awiri ngati kagolo. Wophunzira akaona kuti mdani wabwera kumanzere atembenukire kumanja, akabwera kumanja atembenukire kumanzere, akamamatira pamsana abweze mpira kamodzi n'kusuntha, akaima patali atembenuke n'kumulunjika.

Sitepe iyi ndi imene ine ndimaiona kuti ndi mtima wa ntchito yonse. Ubongo wa wosewera wodziwa suwerengetsa zosankha zonse chimodzichimodzi. Umazindikira chithunzi chimene unachionapo kambirimbiri, monga mdani wobwera mapewa atapendekera mbali imodzi, ndipo yankho limabwera lokha. Zithunzi zimenezi zimasungika pokhapokha mwana akumane nazo zenizeni, pa liwiro lenileni. Ndiye wotchingayo asamasewere mwachisoni. Poyamba mupatseni wophunzira mpata pomutalikitsa mdani, mamita 7 kapena 8, koma liwiro la mdani likhale lonse.

Akalakwitsa musamuuze yankho. Imitsani sewero, mumufunse: "Unaona chiyani usanalandire?" Akati sanaone kanthu, vuto ndi kuyang'ana, bwererani pa sitepe 3. Akati anaona mdani kumanzere koma anapitabe komweko, vuto ndi kusankha, kambiranani. Akati anaona ndipo anasankha bwino koma mpira unamuthawa, vuto ndi phazi, pitani pa sitepe 6. Mavuto atatuwa ndi osiyana ndipo mankhwala ake ndi osiyana, koma kunja kwa mzere onse amaoneka ngati "wataya mpira".

5. Gwiritsani ntchito makutu

Khutu limafulumira pang'ono kuposa diso. Munthu amayankha phokoso m'masekondi pafupifupi 0.15, ndipo khutu limamva za kumbuyo kumene diso silifika. Pa mpikisano wothamanga amayambitsa ndi mfuti, ndipo wonyamuka pasanathe masekondi 0.1 mfuti italira amatengedwa kuti waba.

Gwirizanani mawu anayi okha, aafupi, ndipo timu yonse izigwiritsa omwewo: "Munthu!" mdani akakhala pamsana, "Tembenuka!" mpata ukakhalapo, "Bweza!" ndi "Uli wekha!" Lamulo likhale loti wopatsira mpira apereke ndi mawu omwe, chifukwa iyeyo ndi amene akuona kumbuyo kwa mnzake. M'matimu athu ena amalankhula Chichewa, ena Chinyungwe, ena amakonda Chipwitikizi. Chilankhulo chilichonse chili bwino, bola liwu limodzi likhale ndi tanthauzo limodzi kwa onse.

Chenjezo: mawu a mnzake asalowe m'malo mwa maso ake. Kamodzi pa sabata chitani mphindi 10 za masewero achete, osalankhula aliyense, inunso mphunzitsi. Amene amadalira kuuzidwa aonekera pomwepo.

6. Phazi lizimva mpira lokha

Wosewera sangadzutse mutu ngati phazi lake silidziwa pamene mpira uli. M'minofu ndi m'malo olumikizana mafupa muli timitsempha touza ubongo pamene mwendo uli popanda kuuyang'ana, ndipo m'kati mwa khutu muli ziwalo zothandiza munthu kusagwa akatembenuka mwadzidzidzi. Zonsezi zimakula ndi kuyeserera.

Aliyense aziyendetsa mpira m'bwalo la mamita 15 mbali zonse, inu mukuyendayenda n'kumakweza zala, iwo azitchula nambala. Pomaliza aime ndi mwendo umodzi masekondi 30, kenako atatsinzina. Mabwalo athu a fumbi ndi zitsinde za udzu amavutitsa, chifukwa mpira umadumpha mosayembekezeka ndipo maso amakakamizika kutsika. Musadikire bwalo labwino. Salazani kachigawo kamodzi ndi khasu kochitirapo sitepe 3 ndi 4, koma sitepe ino ichitikire pamalo ovuta pomwepo, ngakhale ndi mpira wachikulunga, kuti phazi lizolowere kukonza zinthu lokha.

7. Bweretsani zonse m'masewero ang'onoang'ono

Yambani ndi anayi kunja, awiri pakati olanda mpira, m'bwalo la mamita 12 mbali zonse. Akamatha, chepetsani kufika mamita 10, kapena lamulani kuti aliyense augunde kawiri kokha. Kenako anayi kwa anayi m'bwalo la mamita 30 mulitali ndi 25 mulifupi, timu iliyonse ikhale ndi tigolo tiwiri totchinga, kena kumanzere kena kumanja. Tigolo tiwiri timakakamiza mwana kuyang'ana mbali imene kuli anthu ochepa. Perekani chigoli chaulere kwa timu imene wosewera wake wayang'ana kumbuyo, n'kutembenuka, n'kupatsira kutsogolo.

Pa masewero a anthu 11 mbali iliyonse mwana akhoza kutha mphindi zingapo osaugunda mpira. Pa anayi kwa anayi amasankha chochita pafupifupi nthawi zonse. Mphindi zambiri za tsiku zipite kuno.

Apatseninso ntchito ya kunyumba. Akamaonera Moçambola, ligi yaikulu ya dziko la Mozambique, kaya ndi União Desportiva do Songo imene inabweretsa chikho m'chigawo chathu cha Tete mu 2017, 2018 ndi 2022, kaya ndi timu ya dziko ya Mambas pa kanema, asankhe wosewera pakati mmodzi n'kumuyang'ana mutu mphindi 10, mpira osautsatira.

8. Goloboyi ndi penate

Penate imamenyedwa pa mamita 11, golo ndi lotambalala mamita 7.32 ndi lotalika mamita 2.44. Mpira wothamanga makilomita 90 pa ola umafika pamzere theka la sekondi lisanakwane. Mukachotsapo masekondi 0.2 a ubongo, yotsalayo siikwanira kudumpha mpaka pakona. Goloboyi ayenera kuwerenga thupi la womenya mpira usanachoke.

Muphunzitseni kuyang'ana phazi loponda pansi, lija losamenya. Nthawi zambiri kumene zala za phazi limenelo zaloza n'kumene mpira umapita, ndipo limaponda kanthawi kochepa mpira usanamenyedwe. Chachiwiri ndi chiuno: chikatseguka, womenya ndi mwendo wamanja akutumiza mpira kumanja kwake. Maso a womenya asawakhulupirire, chifukwa ndi osavuta kunamiza nawo.

Yeserani motere: womenya athamangire mpira n'kumenyadi, koma goloboyi asadumphe, angoloza ndi dzanja mbali imene akuganiza pa nthawi imene phazi loponda lafika pansi. Chitani ka 20 ndi omenya osiyanasiyana, muziwerenga zimene walondola. Akayamba kulondola zambiri ndiye ayambe kudumpha. Kumbukirani lamulo loti mpira ukamamenyedwa, mbali ya phazi limodzi la goloboyi ikhale pamzere, pamwamba pake kapena kumbuyo kwake.

Auzeninso kuti kuima pakati si ulesi. Mu 2007 Michael Bar-Eli ndi anzake anaunika mapenate 286 a m'maligi akuluakulu, napeza kuti pafupifupi 29 pa 100 aliwonse ankapita pakati pa golo, koma magoloboyi ankaima pakati ka 6 kokha pa 100. Amaopa kuoneka ngati sanayesepo. Inu mphunzitsi mukamukalipira goloboyi amene anaima pakati n'kumwa chigoli, sadzaimanso.

9. Womenya penate

Mu 1996 Joan Vickers wa ku University of Calgary anaonetsa kuti oponya bwino mpira wa basketball amakhazika maso pamalo amodzi nthawi yotalikirapo asanaponye. Ofufuza a ku University of Exeter anapezanso kuti womenya penate akagwidwa ndi mantha amayang'ana kwambiri goloboyi, ndipo mpira umapita kufupi ndi goloboyiyo. Mpira umatsata maso.

Dongosolo likhale ili: aike mpira yekha, asankhe malo, awayang'ane sekondi yathunthu, apume mozama kamodzi, atsitse maso pa mpira, amenye osasinthanso maganizo. Poyeserera, anzake aime kumbuyo kwa golo azikuwa ndi kuimba, kuti azolowere phokoso la tsiku la masewero.

10. Samalani kutentha ndi kutopa

Ubongo wotopa umaona mochedwa. Munthu akataya madzi okwana 2 pa 100 a kulemera kwa thupi lake, chidwi ndi mphamvu zimayamba kutsika. Kwa mwana wa makilogalamu 50 imeneyo ndi lita imodzi yokha ya thukuta. Mu mzinda wa Tete, ku Moatize ndi ku Changara kutentha kumapitirira madigiri 40 mu Okutobala ndi Novembala, ndipo lita imodzi siichedwa kutha. Kumeneko yeserani m'mamawa kapena dzuwa litapendeka, ndipo amwe madzi mphindi 15 kapena 20 zilizonse osadikira ludzu. Matimu a ku Angónia ndi ku Tsangano, ozolowera mphepo yozizira ya kumapiri, asamale kwambiri akatsikira kuchigwa cha Zambezi: ayambe kumwa madzi okwanira dzulo lake.

Zinthu zatsopano ziphunzitseni koyambirira ana ali ndi mphamvu. Koma mphindi 10 zomaliza bwerezani sitepe 4 kapena 7 atatopa, chifukwa mitu imagwa pansi kumapeto kwa masewero ndipo zigoli zambiri zopweteka zimalowa nthawi imeneyo.

Mwana akagundidwa m'mutu n'kuyamba chizungulire, kusanza, kuona zinthu ziwiriziwiri kapena kusokonezeka, atuluke pomwepo, asabwererenso tsiku limenelo, ndipo apite kuchipatala ngakhale iye akunena kuti ali bwino.

Zolakwika zimene zimachitika kawirikawiri

Chachikulu ndi mphunzitsi woseweretsa ana ndi pakamwa pake. "Patsira! Menya! Kumanzere!" mphindi zonse 90. Mawu anu akamafika, mwana n'kuwamva, n'kuchita, mpata umakhala utatsekeka, ndipo choipitsitsa n'choti amasiya kuyang'ana bwalo n'kumadikira inu. Makolo ndi ochemerera nawonso amachita zomwezo, ndiye mwana amamva malamulo asanu otsutsana. Lankhulani mpira usanafike kwa iye, ndi liwu limodzi loti "Yang'ana!", ndipo ukafika khalani chete. Makolo afotokozereni mwaulemu masewero asanayambe kuti: "Bambo, mayi, muchemerereni mwanayu, koma chochita musiyireni asankhe yekha."

Chachiwiri ndi kuweruza chosankha potengera zotsatira. Mwana akaona mpata weniweni, n'kupatsira kutsogolo, mpira n'kugunda chitsinde, wasankha bwino, muyamikireni. Wina akamenya mwachisawawa osayang'ana, mpira n'kugwera mnzake mwamwayi, musamuombere m'manja. Mukamakalipira woyambayo, timu yonse iphunzira kubweza mpira kumbuyo kapena kungoutaya kutali.

Chachitatu ndi kuzungulira makoni mphindi 40. Koni silisuntha, silinamiza, silipatsa ubongo chosankha. Mphindi 10 zikwana, zotsalazo pakhale mdani.

Pali ena amene amaganiza kuti kuona bwalo ndi mphatso yobadwa nayo, ndiye amangophunzitsa wosewera pakati mmodzi amene akuoneka wochenjera. Otchinga kumbuyo akufunika kuyang'ana paphewa kuti aone wothamangira kumbuyo kwawo, ndipo womwetsa zigoli akufunika kudziwa pamene goloboyi waima mpira usanamupeze. Onse achite masitepe onse.

Ena amathamangira kuonjezera zovuta mwana asanakhazikike. Ngati akulakwitsa koposa theka la maulendo, kulitsani bwalo kapena talikitsani mdani. Ngati salakwitsa n'komwe, chepetsani bwalo.

Pomaliza, yang'anirani mwana amene amatsinzinira akamayang'ana patali, amene sazindikira mtundu wa nsalu pa mamita 10, kapena amene mipira yam'mwamba imamudutsa nthawi zonse. Mwina vuto lili m'maso enieniwo. Funsani aphunzitsi ake a kusukulu ngati amaona bwino pa bolodi, ndipo lankhulani ndi makolo ake kuti akamuyezetse maso kuchipatala cha boma chapafupi. Pakatha masabata 6 bwererani pa sitepe 1 ndi kope lomwe lija, muwerengenso wosewera yemwe uja osamuuza, ndipo muyerekeze nambala ziwirizo.